Mwana Wosatuluka M'chikuta

Cvetka anabwera nalo Lachinayi, mvula ikuwaza,
thumba lonyezimira, makilogalamu anayi basi,
pamwamba atalemba ndi inki yofiira: 214/61.
Ndinafunsa dzina.
Anati, "Lojze, mwanayu akali m'chikuta,
dzina timapatsa amene mchombo wagwa."

Zaka khumi ndi chimodzi akumulera
kumunda wa kafukufuku ku Žalec.
Bambo ake anali hopu wakutchire
woyanga pamsondodzi m'mbali mwa mtsinje wa Savinja,
mayi ake a kubanja lolemekezeka, lolembedwa m'mabuku.
Mungu anaunyamula yekha Cvetka ndi kaburashi,
maluwa n'kuwaveka mapepala
kuti mphepo isabweretse mkamwini wina.
Zinamera mbande zikwi zitatu.
Zina chuku chinazigwetsa, zina nsabwe zinazimaliza,
zina zinangokana kukwera chingwe.
Anatsala yekhayu,
mzere wakumapeto, pafupi ndi mpanda.

Ndinang'amba thumba.
Ndinafikisa timaluwa m'zikhatho
mpaka ufa wachikasu unandimata zala,
kenako mphuno:
pichesi wakupsa, utomoni wa paini,
ndi kena kake kobisala kumbuyo,
konga mwala wonyowa dzuwa likauwomba.

Loweruka mbandakucha, chisanu chikuluma makutu,
ndinaviika chimera cha balere m'madzi ofunda,
ndinasefa, ndinawiritsa ola lathunthu.
Theka la hopu ndinaponya moto utazima,
theka linalo ndinadikira yisiti atope kaye.
Milungu itatu thanki ikung'ung'udza
ngati mimba ya ng'ombe usiku,
ine khutu pachitsulo, kumvetsera.
Tsiku lachisanu unanunkha anyezi.
Sindinagone.
Lachisanu ndi chinayi anyezi anachoka yekha
ngati mlendo wozindikira kuti sakufunidwa.

Malita mazana atatu.
Ndinalemba nambala ija ndi choko pabolodi.
Mdala Vinko, amene wamwa mowa umodzi womwewo
chimangireni mlatho wakumsika,
analawa, anakhala duu, anapukuta ndevu.
"Uwu si mowa," anatero,
akukankha tambula kuti ndiwonjezere.
Namwino wina wa ku Celje anabwera kawiri mlungu umodzi,
kachiwiriko ndi botolo lake lomwe.

Cvetka anabweranso mu Novembala,
minda itavula, zingwe zili lendelende,
mapepala m'khwapa, nsapato zili matope okhaokha.
Sanakhale pansi.
Akuti mwanayu amabereka pang'ono,
theka la zomwe mlimi angapirire nazo.
Akuti makina othothola amamuphwanya,
timaluwa take n'tofewa ngati mapiko a gulugufe.
Komiti yakhala, yawerenga, yasaina.
Lolemba thalakitala ilowa mumzere wakumpanda.
"Mlimi sadya fungo," anatero,
mawu ali gwa, maso ali kwina.

Ndinati, nanga anthu aja? Nanga Vinko?
Anati Vinko salipira ngongole ya feteleza.

Ndinapendeketsa mbiya yotsiriza.
Munatuluka matambula awiri, lachiwiri losadzaza,
mowa wambuu, nsenga zikuyandama.
Lodzazalo ndinapatsa iye.
Analikweza kuyang'ana babu,
ananunkhiza nthawi yaitali
ngati mayi pamutu pa khanda.
"Dzina ndinali nalo," anatero.
Sanalitchule.
Inenso sindinafunse.

Tinamwa pang'onopang'ono, osayankhula,
kuwawa kukubwera mochedwa kuseri kwa lilime,
pichesi uja akuzilala.
Panja lole ya mkaka inadutsa,
magalasi a zenera ananjenjemera.

Atapita ndinapukuta bolodi ndi nsanza yonyowa.
Choko chofiira n'chouma mutu:
ukaima chapakhomo dzuwa likapendeka
nambala ija imaonekabe.
Vinko amaifunsa Lachisanu lililonse,
ndimamuthirira wake wakale, amamwa mong'ung'udza.

Dzulo kwabwera uthenga pafoni:
"Konza thanki. Ndili ndi wina, 309/12.
Amakwera chingwe ngati wakuba.
Usamuzolowere."